Malire a Malipiro: Kodi Luso la Munthu Lili ndi Denga?



Mvula ikagwa bwino, udzu n'kuyamba kupikisana ndi cimanga, pamabwera nkhani imene tonse timaidziwa: mtengo wa ganyu. Eni minda ikuluikulu akakumana, kaya pamsika kaya pobwera kumaliro, amanong'onezana kuti caka cino ganyu wa tsiku limodzi asapitirire mwakuti. Amati wina akakweza mtengo, aganyu onse athamangira kwa iye, minda ya ena n'kusanduka thengo, ndipo njala ikadzafika sidzafunsa kuti munda unali wa yani. Koma mnyamata amene khasu lake limathamanga kuposa la anzake amamva mawu amenewa ndi khutu lina. Iye amati, mphamvuzi n'zanga, msana ukuwawawu ngwanga, nanga wondiikira denga pa malipiro anga ndi yani?

Onse awiri ali ndi mfundo, n'cifukwa cake nkhaniyi siitha. Lero ndifuna tiitengere kumalo kumene idayesedwa kwa zaka zoposa 40, malamulo ake atalembedwa ndipo ndalama zake zikuwerengedwa poyera. Malowo ndi bwalo la basikete, mpira wa anthu asanu mbali iliyonse, woponya m'nkhata yopacikidwa pamwamba.

Mpira umenewu si wacilendo kwa ife

Wina anena kuti kuno timadziwa mpira wamiyendo, basikete tiisiyire a m'tauni. Komatu dziko lathu la Mozambiki limadziwika mu Africa yense cifukwa ca mpira umenewu, makamaka wa amayi. Timu ya amayi ya Desportivo de Maputo idatenga cikho ca makalabu a mu Africa mu 2007 ndi 2008, ndipo ya Ferroviário de Maputo idacitenga mu 2018 ndi 2019. Timu ya dziko lathu ya amayi idafika mufainolo ya Africa ku Maputo mu 2013, n'kupita ku mpikisano wa dziko lonse ku Turkey mu 2014. Mwana wa dziko lino, Clarisse Machanguana, adasewera mu ligi yaikulu ya amayi ya ku America kuyambira 1999.

Tikaonetsetsa, zikho zambiri zimagona ku Maputo ndi ku Beira, m'makalabu amene kumbuyo kwawo kuli kampani yamphamvu. Matimu a Ferroviário ndi a kampani ya njanji ndi madoko, CFM. Ngakhale pa mpira wamiyendo, m'cigawo cathu comwe cino ca Tete, União Desportiva do Songo idatenga Moçambola mu 2017, 2018 ndi 2022 itatsamira kampani ya magetsi ya Cahora Bassa. Kutsidya kwa malire, Silver Strikers ya ku Lilongwe ndi ya banki yaikulu ya Malawi. Palibe colakwa kuti kampani ithandize masewero. Koma mwana wa ku Domwe akaona zimenezi amafunsa kuti, kodi cikho amapambana ndi miyendo kapena ndi thumba?

Mmene a ku America adacitira

Ligi yochuka kwambiri ya basikete ndi NBA, ya matimu 30, ndipo timu iliyonse imasewera masewero 82 pacaka isanafike ndime ya cipulula. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1980 matimu ambiri a ligiyi ankaluza ndalama. Conco mu 1983 eni matimu ndi bungwe la osewera adakhala pansi n'kugwirizana zinthu ziwiri. Coyamba, ndalama zimene timu imodzi ingalipire osewera ake onse pamodzi zikhale ndi malire. Caciwiri, osewera onse azilandira magawo 53 pa magawo 100 a ndalama zimene ligi yapeza. Malirewo adayamba m'caka ca mpira ca 1984 mpaka 1985, ali pa madola 3.6 miliyoni pa timu. Popeza amakwera limodzi ndi phindu la ligi, pofika 2024 adali atapitirira madola 140 miliyoni.

Mpanda umenewu uli ndi zipata. Timu imaloledwa kudumpha malire pofuna kusunga wosewera wake wakale, ndipo cipata cimeneci cidapatsidwa dzina la katswiri wa ku Boston, Larry Bird. Kudzera pa cipata comweco Michael Jordan adalandira madola oposa 33 miliyoni ku Chicago Bulls m'caka ca 1997 mpaka 1998, pomwe malire a timu yonse adali pafupifupi 27 miliyoni. Munthu mmodzi adaposa mtengo wa timu yathunthu. Eni matimu sadakondwe ndi mmene malipiro a akatswiri ankakwerera. Mu 1998 adatseka mabwalo, mpira udaima miyezi ingapo, ndipo caka cimeneco timu iliyonse idangosewera masewero 50. Pobwerera m'bwalo mu 1999 kudali lamulo latsopano: wosewera mmodzi naye ali ndi denga lake. Masiku ano dengalo ndi magawo 25, 30 kapena 35 pa 100 a malire a timu, malinga ndi zaka zimene munthu wakhala mu ligi.

Pali malamulo ena atatu ofunika kuwadziwa. Timu ikadumpha mzere wina wapamwamba imalipira cindapusa pa dola lililonse lopitirira, ndipo gawo la ndalamazo limapita ku matimu amene sadadumphe. Timu siiloledwa kuumira: iyenera kulipira osewera ake magawo osacepera 90 pa 100 a malirewo. Ndipo posankha anyamata atsopano caka ciliconse, matimu amene adacita moipa ndi amene amakhala ndi mwayi wosankha poyamba.

Kodi ndalama zimagula cikho?

Yankho loona n'lakuti zimathandiza, koma sizikwanira. Cleveland idatenga cikho mu 2016 ikulipira osewera kuposa timu ina iliyonse, ndipo Golden State idacita cimodzimodzi mu 2022. Izi n'zomveka, pakuti wosewera wabwino amadula, ndipo timu ikapambana aliyense amafuna kukwezedwa. Nthawi zina ndalama zimabala cikho, nthawi zina cikho ndi cimene cimabala ndalama zambiri zolipira.

Mbali inayo nayo ili ndi mboni. M'caka ca 2013 mpaka 2014 Brooklyn Nets idasonkhanitsa mayina akuluakulu, ena atakalamba kale, n'kulipira madola oposa 100 miliyoni, kuwonjezapo cindapusa ca pafupifupi 90 miliyoni. Idagwa pa ndime yaciwiri ya cipulula. M'caka ca 2024 mpaka 2025 Phoenix Suns idali timu yodula kuposa onse, koma idapambana masewero 36, n'kugonja 46, osalowa n'komwe m'cipulula. Caka comweco fainolo idali ya Oklahoma City ndi Indiana, matimu a m'mizinda yaing'ono, onse awiri osalipira cindapusa. Oklahoma City idatenga cikho.

Mlimi sangadabwe nazo. Feteleza amafunika, ndipo wopanda feteleza kuno kumapiri amakolola zocepa. Koma amene wathira matumba ambiri pa mbewu yoipa, kapena wathira mocedwa, amangodyetsa udzu. Pamene malire alipo, aliyense ali ndi matumba ofanana kapena oyandikana, ndiye cimene cimasiyanitsa ndi nzeru ya pothira. Kuyambira 2019 mpaka 2025 cikho ca NBA cidapita ku matimu asanu ndi awiri osiyana: Toronto, Los Angeles Lakers, Milwaukee, Golden State, Denver, Boston ndi Oklahoma City. Palibe amene adacisunga zaka ziwiri zotsatizana.

Mfundo ya oikira kumbuyo malire

Wogulitsa mbatata akathetsa anzake onse pamsika wa Ulongwe kapena wa Lizulu, amalemera. Mpira suli conco. Timu siingasewere yokha. Cimene anthu amalipira kuti aone ndi mpikisano, ndipo mpikisano amaupanga ndi anthu awiri. Taganizani bawo loti mmodzi wayamba ndi njere zonse, mnzake ali ndi ziwiri. Ndani angaime padzuwa kuonerera? Wopambana amafuna mdani wamphamvu monga momwe ng'oma imafunira ovina.

Apa ndi pamene mawu a mnyamata uja akuti "mphamvuzi n'zanga" amayamba kutsimphina. Luso la katswiri ndi lake ndithu, adalikhetsera thukuta. Koma mtengo wa lusolo sadaupange yekha. Kuponya mpira m'nkhata kumbuyo kwa nyumba sikulipidwa. Kumalipidwa cifukwa pali anzake anayi omupatsira, adani asanu omuchinga, woimba wenzulo, ndi makamu amene sakudziwa kuti zitha bwanji. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Ngati cuma ca mpira n'copangira limodzi, si kuba kunena kuti cigawidwe mwa dongosolo, kuti gwero lake lisaume.

Komanso popeza gawo la osewera onse pamodzi lidakhazikitsidwa kale, ndalama imene katswiri wamanidwa cifukwa ca denga lake siipita yonse m'thumba la mwini timu. Yambiri imatsikira kwa osewera apakati, amene akanalandira zocepa akanati katswiriyo atenge zonse zimene msika ungamupatse. Denga la mmodzi limakhala cakudya ca anzake.

Mfundo ya otsutsa

Komabe tisafulumire kuwomba m'manja. Tiyeni tifunse: malirewa amanga yani, asiya yani?

Amanga wosewera, amene nchito yake n'ya zaka zowerengeka, ndipo bondo likhoza kumuthera usiku umodzi. Mwini timu alibe denga. Anthu amene adagula Boston Celtics mu 2002 pa madola 360 miliyoni adagwirizana zoigulitsa mu 2025 pa mtengo woposa madola 6 biliyoni. Palibe adawauza kuti mwapitirira, gawirani anzanu. Ndipo mu 2011, eni matimu atatsekanso mabwalo, gawo la osewera lidatsika kucoka pa magawo 57 kufika pafupifupi theka. Amene ali ndi nkhokwe yodzaza amatha kudikira. Amene zaka zake zosewera zikutha sangadikire.

Amanganso acinyamata. Kuyambira 1995, malipiro a mnyamata wongolowa kumene mu ligi amakhala olembedweratu kwa zaka zake zoyamba, ngakhale atasewera kuposa akuluakulu onse. Oklahoma City idatenga cikho ca 2025 ili ndi Jalen Williams ndi Chet Holmgren, anyamata amene adali akadali pa malipiro oyambira. Timayamika nzeru za atsogoleri a timuyo, ndipo n'zoona adali nazo, koma gawo lina la nzeruzo lidali kupeza nchito yapamwamba pa mtengo wotsika. Lamulo lomanga anyamatawo adalivomereza ndi anthu amene adali kale mkati. Iwo eni ake adali asanabadwe pamene lidayamba.

Ndipo malire amalanga ngakhale amene wacita bwino. Oklahoma City yomweyi idalera James Harden, idafika naye mufainolo mu 2012, kenaka idamutumiza ku Houston caka comweco atalephera kumvana za ndalama. Harden adadzasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 2018, atavala malaya a eni. Boston idatenga cikho mu 2024, koma pofika pakati pa 2025 idatulutsa Jrue Holiday ndi Kristaps Porzingis pothawa zilango zokhwima za mgwirizano wa 2023. Wolera ng'ombe bwino akuuzidwa kuti khola lakula, gulitsako. Ocemerera timuyo, amene adazolowera ana awo, ndi amene amalira.

Zimene agogo athu adaziona

Ife a dera lino tili ndi cifukwa cathu coopera mawu akuti malire a malipiro. Amuna ambiri a mbali zonse ziwiri za malire, a ku Angoniya, a ku Dedza ndi a ku Ntcheu, adapita ku mafamu a ku Rhodesia ndi kumigodi ya ku Joni. Eni migodi ya golide adaona kuti akamalimbirana anchito, malipiro akwera. Conco adagwirizana kulemba anthu kudzera pa khomo limodzi, limene tonse timalidziwa ndi dzina lakuti Wenela, n'kupangana kuti pasakhale mgodi wolipira anthu akuda kuposa muyezo umene adaika. Zotsatira zake, tikawerengera kukwera kwa mitengo ya zinthu, malipiro a mu 1969 sadapose a mu 1911. Zaka pafupifupi 60, munthu akutsika pansi pa nthaka, mtengo wa thukuta lake uli pomwepo. Anchito atanyanyala mu 1946 kufuna mashereni 10 patsiku, adawayankha ndi apolisi.

Amenewonso adali malire a malipiro. Eni migodi nawo ankati popanda malirewo migodi ina itsekedwa, onse aluza. Mawu ake ngofanana ndi a eni matimu, ngofanananso ndi a eni minda pa nthawi yopalira. Sindikufanizira mavuto a wa kumgodi ndi moyo wa wosewera wolandira mamiliyoni, kungakhale kunyoza agogo athu. Ndikungoti msampha wake ngwa mtundu umodzi: ogula nchito kumvana kuti asapikisane. Ndiye tifunse, n'ciyani cimene cimasiyanitsa malire acilungamo ndi malire akuba?

Miyezo inayi

Ine ndaona zinthu zinayi, ndipo ndiziika pabwalo kuti muziyese nokha.

Coyamba, kodi womangidwayo adali pabwalo pomanga lamulo? Osewera a NBA ali ndi bungwe lawo kuyambira 1954. Mtsogoleri wawo wina, Oscar Robertson, adasumira ligi kukhoti mu 1970, ndipo mlanduwo utatha mu 1976 njira idatseguka yoti wosewera azisankha kopita kontilakiti yake ikatha. Malire a 1983 adawasainira okha, ndipo nthawi ikakwana amakambirananso. Wa kumgodi adangodinda cala pa pepala limene sadalembe nawo. Lamulo lopangidwa munthu kulibe ndi cingwe, ngakhale litakhala lofewa.

Caciwiri, kodi denga lili ndi pansi pake? Mwini timu amaletsedwa kupitirira, komanso amaletsedwa kuumira, ndipo wosewera wotsikitsitsa ali ndi malipiro amene sangatsitsidwe. Amene akufuna kuika malire apamwamba okha, osafuna kumva za apansi, sakuteteza mudzi. Akuteteza nkhokwe yake.

Cacitatu, kodi dengalo limakwera pamene zokolola zakwera? Malire a NBA adacoka pa 3.6 miliyoni kufika pa 140 miliyoni cifukwa adamangiriridwa ku phindu la ligi, ndipo ndalama za ligiyo zimawerengedwa mbali zonse ziwiri zikuona. Golide adatuluka wambiri, malipiro a wokumba osasuntha. Pamene mabuku ali obisika, mawu akuti "tonse tikuvutika" sangayesedwe.

Cacinayi, kodi ndalama yopulumutsidwayo ikupita kuti? Ikapita kwa anchito anzake, kapena kukalimbitsa timu yofooka kuti mpikisano ukhalepo, womanidwayo angathe kuloza cimene nsembe yake yagula. Ikangolowa m'thumba la wolemera kale, ndiye kuti wosauka wapereka msonkho kwa mfumu imene sadailonge.

Pa miyezo imeneyi NBA ikhoza bwino itatu. Pa woyamba ikhoza mwa theka, pakuti anyamata a mawa sakhala pabwalo. Wenela idalephera yonse inayi.

Tibwerere kwathu

Tsono tiyese mgwirizano wa eni minda uja. Ngati adakumana okha, aganyu kulibe, walephera muyezo woyamba. Ngati adanena zoti mtengo usapitirire, osanena zoti usatsike pa mwezi wa njala, pamene mayi amavomera kupalira tsiku lonse kuti apatsidwe kambale ka ufa, walephera waciwiri. Ngati mbatata idakwera mtengo caka catha koma ganyu ali pomwe adali, walephera wacitatu. Cimodzimodzi ogula mbewu amene amabwera ndi magalimoto, onse n'kuchula mtengo umodzi ngati adagona nyumba imodzi. Mlimi amene amadandaula za iwo m'mawa, madzulo n'kukapangana ndi anzake za aganyu, adziyang'ane m'madzi.

Koma tisataye mwana pamodzi ndi nsanza zake. Pa mipikisano ya mpira ya m'midzi yathu timaona timu ya munthu wa sitolo ikubwereka osewera a kutali, ena a kutsidya kwa malire, tsiku la fainolo lokha. Ana a pamudzi amene adasewera kuyambira paciyambi amakhala pansi, mbuzi ya mphotho imapita, ndipo caka cinaco midzi yosauka siilembetsanso. Pamenepo lamulo loletsa kubwereka osewera opitirira awiri kapena atatu lingakhale labwino, malinga matimu onse alivomereze mpira usanayambe, ndipo limange wa sitolo ndi wosauka mofanana. Malire oterewa amapulumutsa masewero.

Ife okhala m'malire timadziwa kuti mzere wa pakati pa maiko awiri ungakhale zinthu ziwiri. Pamene mbali zonse zaulemekeza, umasunga mtendere, ndipo anthu amaoloka kukagula, kukakwatira ndi kukalira maliro. Pamene wamphamvu wausandutsa podyera, umakhala msampha wa osauka. Malire a malipiro ali cimodzimodzi.

Nanga mnyamata wa khasu lothamanga uja timuyankha ciyani? Sindingamunamize kuti sataya kanthu. Ngakhale pa malire acilungamo, waluso kwambiri amalandira zocepera zimene akanapeza atasiyidwa yekha. Cimene tingamuuze n'cakuti luso lake lili ndi mtengo cifukwa pali mudzi woligula, ndipo mudziwo uli ndi ufulu womupempha kuti asiyeko pang'ono. Koma kupempha kuli ndi mwambo wake. Wopemphayo amabwera masana, amakhala pansi, amaonetsa nkhokwe yake, ndipo naye amavomera kumangidwa.

Conco caka cino, mukamva kuti mtengo wa ganyu wapanganidwa, funsani kuti pabwalopo padali yani. Ngati padalibe ogwira khasu, nkhaniyo siidathe, ndipo akuluakulu a mudzi aiitanitsenso.